Mkango, Mfiti ndi Singano Zolukira

Takhala zaka zambiri tikugwira ntchito m'nyumba yoŵerengeramo mabuku, ndipo anansi athu kuno ku Area 4 amayesa kuti tikaŵeruka timakatsegula mabuku aakulu a anthu ophunzira. Tiulule lero: mabuku amene timagona nawo kumutu ndi a ana, aja mumakhala nyama zolankhula ndi maiko osapezeka pa mapu.

Tsiku lina m'mwezi wa June, mphepo yozizira ikuomba kuchokera ku mtsinje wa Lilongwe, kunafika mayi wina wa Chigwirizano atapana buku ndi zala ziŵiri ngati likuwotcha. Mwana wawo wamkazi wa Sitandade 7 anali atalibwereka dzulo lake. Linali buku la C. S. Lewis la m'chaka cha 1950, The Lion, the Witch and the Wardrobe. "Amayi," anatero, "Chingelezi ine sindichidziŵa bwino, koma liwu lapakatili ndafunsa. Akuti ndi mfiti. Kodi ana athu mukuŵapatsa zotere?"

Sitinaŵaseke. Kwathu kuno liwu limeneli lathamangitsa nkhalamba m'midzi ndi kupasula mabanja, ndipo kholo loliwopa silinalakwe. Komabe mtima wathu unali pa mtsikanayo, pakuti mwa ana onse obwera kwa ife ndiye yekha amene ankatsiriza buku nadzafunsa linzake. Tinadziŵa kuti akaletsedwa lero sadzapondanso pakhomo pathu.

Pano tiyenera kunena za maso athu. Atayamba kuchita chidima, mdzukulu wathu anatiikira pa foni mabuku oŵerengedwa mokweza, oti munthu nkumangomvera. Poyamba tinachita manyazi: wosunga mabuku nkumaŵerengeredwa ngati mwana! Koma tinakumbukira kuti nthano za Kalulu ndi Fisi sitinaziwone papepala ayi. Tinazimva kwa agogo madzulo pamoto, manja athu akutong'ola chimanga. Ngakhale a National Library Service, kuyambira m'chaka cha 2012, anayendayenda m'maboma kukajambula mawu a okalamba akusimba nthano, kuti zisapite nawo kumanda.

Makutu akamagwira ntchito manja amasoŵa chochita, choncho tinabwerera ku zoluka zimene tinaphunzira tili atsikana, masiku aja tinkanola masipoko a njinga kuti akhale singano. Mabuku a zoluka okha ndiwo timalimbana nawo ndi maso, titakhala padzuŵa, chifukwa palibe angapirire kumvera munthu akutchula k2, p2 mzere ndi mzere. Ambiri a iwo analembedwera nyengo ya chisanu ya ku Britain, ndipo juzi yake munthu wa ku Lilongwe amaivala June ndi July basi.

Tsono tinaŵapempha mayi aja kuti: "Musaweruze bukuli musanalimve. Bwerani kwathu Loŵeruka ndi ulusi wanu ndi mwanayo. Foni idzaŵerenga, iye adzatimasulira."

Anabwera, ngakhale anakhala kumapeto kwa mkeka, chikwama chili pamiyendo. Anamva za ana anayi amene anachotsedwa ku London nthaŵi ya nkhondo, ndi za Lucy amene analoŵa m'kabati ya zovala natulukira m'dziko la Narnia, kumene dzinja lozizira silinkatha. Loŵeruka lachiŵiri anamva mmene Edmund anaperekera abale ake kwa mfiti ija chifukwa cha zotsekemera. "Ameneyutu ndi Esau ndi mphodza zake," anatero, osakweza maso pa chipeŵa chimene ankaluka. Ife tinkaganiza za Yudasi, koma sitinaŵatsutse. Mtsikanayo ankamasulira mwachangu, nthaŵi zina nkuwonjezako zake, ndipo tinkangomuleka.

Loŵeruka lachinayi tinafika pamene mkango Aslan unadzipereka kuti uphedwe pa gome lamwala m'malo mwa mnyamata wopereka abale ake uja. Anaumeta, anaumanga, anaunyoza. Singano za mayi aja zinaima.

"Taimitsani kaye," anatero. "Kodi wafadi?"

Mwanayo ankadziŵa yankho, pakuti anali atasuzumira kale kumapeto, koma analuma mlomo. Ifenso tinakhala chete, tikuyang'ana mkono wa juzi yathu umene unali utatalika kupitirira unzake chifukwa tinaiŵala kuŵerenga mizere. Kunja kunayamba kuda, ndipo iwo anali ndi ulendo wa minibasi. Anakulunga ulusi wawo, natenga buku lija pampando ndi dzanja lonse.

"Tibwerekeniko mpaka Lolemba," anatero. "Ameneyu akandimalizitsire usiku uno."