Ulendo wa ku Perth, Kumene Kunadziwikira Kachirombo ka M'mimba

Kumadzulo kwa dziko la Australia, m'mphepete mwa nyanja ya mchere ya Indian, kuli mzinda wa Perth. Angerezi anaukhazikitsa m'chaka cha 1829 pa dziko la anthu a mtundu wa Noongar, m'mbali mwa mtsinje wa Swan, umene unatenga dzina lake ku mbalame zakuda zonga atsekwe zosambira m'menemo. Titaima pa chitunda cha Kings Park tinaona mzinda wonse uli pansi pathu, mtsinje ukutsetsereka mwakachetechete kunka ku doko la Fremantle.

Koma chimene chinatikoka mtima ndicho chipatala cha Royal Perth, pakati pa mzindawo, pakuti m'menemo munayambira nkhani yokhudza mabanja athu ambiri. Pa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsa kuti zilonda za m'mimba zimadza chifukwa cha nkhawa, zakudya za tsabola ndi kuchuluka kwa asidi, ndiponso kuti palibe kachirombo kangakhale ndi moyo m'chifu mowawasa chotero. M'chaka cha 1979 Dr. Robin Warren, amene ntchito yake inali kuyeza tizidutswa ta mnofu wa odwala ndi makina okuza zinthu, anaona tizirombo topindika pa khoma la chifu chotupa. Mu 1981 dokotala wachinyamata, Barry Marshall, anayamba kugwira naye ntchito. Iwo anayesa kumeretsa tizirombo timeneti m'timbale, koma osaphula kanthu, chifukwa timbaleto tinkatayidwa patangopita masiku awiri. Pa tchuthi cha Pasaka cha 1982 timbale tina tinakhalitsa osatayidwa, ndipo anthu pobwerera ku ntchito anapeza tizirombo titamera.

Kuchokera ku Perth tinatsata mtsinje mpaka ku Fremantle, mzinda wa zombo ndi nyumba zakale zamiyala. Kumeneko n'kumene Marshall ankagwira ntchito mu 1984, pamene anaona kuti madokotala anzake akukayikabe. Iye anamwa dala madzi odzaza ndi tizirombo tija. Patapita masiku owerengeka anayamba kusanza, ndipo pomuunika anapeza kuti chifu chake, chimene chinali chabwinobwino, chatupa. Anamwa mankhwala nachira. M'chaka cha 2005 anthu awiriwa analandira mphotho ya Nobel.

Kachirombo kameneka dzina lake ndi Helicobacter pylori. Kamaboola chinyezi chotelera chimene chimakuta khoma la chifu, ndipo kamatulutsa mankhwala ofooketsa asidi amene ali pafupi nako. Khoma likafooka, asidi uja amalidya, chilonda n'kuyamba. Pafupifupi theka la anthu a pa dziko lapansi ali nako, ndipo kuno ku Africa n'kofala kwambiri. Ambiri amakatenga ali ana, kudzera m'malovu, m'madzi ndi m'zakudya zosasamalika. Ochuluka sadwala konse, koma ena amachita zilonda, ndipo owerengeka amadzadwala khansa ya m'mimba atakula. Nchifukwa chake mu 1994 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inakaika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa.

Tsono inu makolo, taganizani za abale athu angati amene akhala zaka akumwa mkaka ndi soda kuti aziziritse kutentha kwa pamtima, ena mpaka kukayikira anansi awo kuti anawadyetsa kanthu. Mkaka umangotonthoza kanthawi, kachirombo kali chikhalire. Kachiromboka kamapezeka poyeza chimbudzi, mpweya kapena magazi, ndipo kamafa ndi mankhwala opha tizirombo ophatikiza ndi ochepetsa asidi, omwa masiku 10 mpaka 14. Wodwala amalize mankhwala onse ngakhale atayamba kupeza bwino. Asamamwenso aspirin mwachisawawa, pakuti nayenso amayambitsa zilonda. Munthu akasanza magazi, akachita chimbudzi chakuda ngati phula, kapena akamaonda popanda chifukwa, apite ku chipatala tsiku lomwelo.

Inunso anyamata ndi atsikana, sambani m'manja ndi sopo pochokera ku chimbudzi ndiponso musanadye, ndipo madzi okayikitsa muziwiritsa. Amayi asatafunire khanda chakudya. Zimene anthu awiri aja anazipeza movutikira kutsidya kwa nyanja zidzatipindulira pokhapokha titazichita m'nyumba zathu.