Nyumba ikhale ngati kula bokosi ya mafilizesi

Amayi ogulitsa mafilizesi mumsika, inutu mukusunga nzeru imene anzathu kunja akumangira nyumba. Kula bokosi yanu imakhala padzuwa tsiku lonse koma katundu osasungunuka. Chinsinsi ndi zopepuka zimene zili m'kati mwa khoma lake, zangati zoyera zija zimabwera m'katoni ya wailesi yatsopano. Kutentha sikudutsamo msanga.

Ku Canada ndi ku America zoyerazi, zomwe amati polystyrene, amapangira mabuloko aakulu obowoka pakati. Amawasanja, kulowetsamo zitsulo, kenaka n'kuthira konkire. Konkire ikauma mabulokowo sachotsa ayi, amatsala ngati bulangete la khoma, kunja ndi m'kati. Mamangidwewa amawatchula kuti ICF, ndipo mmisiri wina wa ku Canada, Werner Gregori, analembetsa nzeruyi mu 1966. Nyumba yotere siidya magetsi ambiri poitenthetsa kapena kuiziziritsa.

Ine ndakhala lendi ku Ndirande zaka zambiri, ndipo malata opanda siling'i ndikuwadziwa bwino. Mu Okutobala ana amagona pasimenti, thukuta kamukamu. Chiperoni chikafika mu Juni, mbaula m'nyumba, makala a mawa n'kuthera kuwotha. Fani nayo imadya mayunitsi ngati ili ndi mimba.

Tsopano ndapeza kapuloti, ndalama zake za kaunjika ndi banki m'khonde. Mmisiri aliyense amene ndakamba naye amangowerenga njerwa ndi matumba a simenti. Palibe wandifunsapo kuti, kodi bambo, mudzagonamo bwanji?

Ndisakunamizeni, ICF si ya thumba langa. Imafuna konkire ndi zitsulo zambiri, komanso chiswe chimatha kuboola njira m'zoyerazo ngati sanaziteteze. Koma phunziro lake ndalitola: kutentha umakutsekera kunja pomanga, osati kulimbana nako kutalowa kale.

Choncho yangayo ndichepetsa chipinda chimodzi kuti ndalama yake ipite ku siling'i. Mawindo ayang'anane kuti mphepo izidutsa. Denga litulukire ndithu kuti khoma likhale pamthunzi, ndipo kumadzulo ndibzalako mtengo wa mango.

Anzanga a pabenchi, ife timadziwa kuti belo yotchipa nthawi zina ndiyo imagwetsa bizinesi. Nyumbanso ndi chimodzimodzi. Mtengo womangira umalipira kamodzi, koma wokhalamo umalipira mwezi ndi mwezi mpaka ukalamba. Musanagule malata, muwafunse amisiri anuwo za Okutobala.