Mbaula yolimba imayambira m'dzenje

Mayi wina woumba Chitetezo Mbaula ku Balaka amapsa mtima akaona mbaula zotchipa zomwe zadzaza pamsika. Akuti n'zoumbidwa mothamanga, zoumitsidwa padzuwa, zongolawitsidwa moto. Zikang'aluka mwezi usanathe, ogula safunsa kuti anaumba ndani. Amangoti mbaula zadothi n'zosalimba, mbiri n'kuipira onse.

Za kaumbidwe sachedwa nazo: dongo m'chikombole, kuboola khomo la nkhuni, kumata zogwirira ndi timitu tokhalapo poto, basi. Nkhani yake ili pa dongo.

Dongo la mbaula silikumbidwa lero n'kuumbidwa mawa. Amalitola timiyala ndi mizu, kulinyowetsa, n'kulivundika m'dzenje pafupifupi masabata awiri. Likatuluka amaliponda ndi mapazi mpaka lileke kuchita mibulu. Kamwala kamodzi kotsalira, kapena mpweya wobisala mkati, n'kokwanira kuphulitsa mbaula mu uvuni. Akaumba amaziyika m'nyumba, pamthunzi, kuti ziume pang'onopang'ono. Apa ndiye pomwe anzake otchipitsa aja amadumpha.

Zonsezi anaphunzira kwa azakhali ake, mmisiri wa mbiya ndi mitsuko, amene sanaionepo mbaula yamtunduwu. Azakhaliwo ankapota dongo ngati chingwe n'kulikulunga pachala. Likaduka, ankalitaya osayankhula, ndipo mayiyu, ali mwana, ankadziwa kuti abwereranso kudambo. "Ankati dzanja la mwana ndi lopupuluma, ndiye chaka choyamba ntchito yanga inali yoponda basi," akutero mayiyu, uku akuseka. Ukamuyamba za azakhaliwo, tiyi amazizira.

Mbaulayi imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa chifukwa dothi lowotcha limasunga kutentha, ndipo moto suthawira m'mbali. M'dziko lomwe mabanja oposa 9 pa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, zimenezi si zazing'ono: mitengo imapulumuka, utsi m'khitchini umachepa, komanso mpweya wotenthetsa dziko umachepa. N'chifukwa chake mu 2013 boma linalengeza cholinga chakuti pofika 2020 mbaula zosawononga nkhuni zikhale zitafika 2 miliyoni, ndipo magulu a amayi m'maboma ngati Mulanje, Dedza ndi Balaka anapezerapo ntchito.

Koma pa ndalama mayiyu sakhutira. Wogula amanenerera mpaka kufika pa mtengo wa mulu wa tomato, osaganiza za nkhuni zowotchera ndi mbaula zosweka panjinga. Amamvanso kuti mabungwe amalandira ndalama za carbon kuchokera kunja chifukwa cha utsi womwe mbaula zake zachepetsa, ndipo funso lake ndi lomveka: woponda dongo amapezapo zingati?

Inu ogula, musanatulutse ndalama igogodeni mbaulayo ndi chala. Yopsa bwino imalira kuti ngwee. Ikangoti phu, isiyeni.