Cithunzi Cimene Cinakana Kuuma

Amalume anga anali mmisiri wojambula zithunzi ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Ine ndikaweruka ku sukulu, ndinkapita kukawatsukira maburashi.

Pa tebulo pawo panali mabotolo awiri. Loyamba linali la aguarrás, madzi a fungo lamphamvu ocokera ku utomoni wa mitengo ya paini. Laciwiri linali la mafuta a linyasa, ofinyidwa ku njere za mbewu ina, dzina lake linho.

Amalume anandiphunzitsa nchito ya botolo lililonse. Aguarrás amasungunula utoto kuti burashi iziyenda msanga. Amauluka ndi mphepo, ndipo utoto umatsala wosawala. Mafuta a linyasa amafewetsa utoto ndi kuuwalitsa, koma amauma pang'onopang'ono, nthawi zina sabata yathunthu. Akaculuka, utoto umacita makwinya ndipo umasanduka wacikasu. Lamulo lawo linali ili: utoto wapansi ukhale ndi mafuta ocepa, wapamwamba ukhale ndi ambiri. Ukasemphanitsa, cithunzi cimang'ambika ngati matope a m'dambo m'cilimwe.

Tsiku lina kunabwera agogo ena aakazi. Anabweretsa kacithunzi ka mwana wawo amene anamwalira pa nkhondo ija inatha mu 1992. Anafuna cithunzi cacikulu copacika m'nyumba. Anagulitsa mbuzi kuti alipire.

Madzulo ake, ndikusesa, ndinagunda botolo la linyasa. Mafuta onse anatayika. Ndinacita mantha. Ndinathamangira kukhichini kwa amayi, ndi kuthira m'botolo muja mafuta a nsawa. Mtundu wake unali wofanana, ndipo fungo la aguarrás m'cipindamo linabisa zonse.

Amalume anajambula nkhope yokongola. Panapita sabata imodzi, ziwiri, zitatu, koma utoto unali wonatabe. Fumbi ndi tizilombo zinakakamira pa nkhopeyo. Agogo aja anabwera kawiri, pansi, kucokera kutali. Kawiri konse anabwerera cimanjamanja. Ulendo waciwiri ndinawaona akupukuta misozi ndi nsalu yawo. Usiku umenewo sindinagone. M'mawa ndinaulula.

Amalume sanandimenye. Anakagula linyasa wina. Anapaka pang'ono pa galasi limodzi, napaka mafuta a nsawa pa lina.

"Uziyang'ana tsiku lililonse, mwanawe," anatero.

Patatha sabata, linyasa anali atauma ngati kacikopa. Mafuta a nsawa anali amadzimadzibe.

"Linyasa sauma ngati madzi," anandifotokozera. "Amakoka mpweya, ndipo mpweyawo ndi umene umamulimbitsa. Mafuta a nsawa sacita zimenezo. Ukanandiuza tsiku lomwelo, tikanataya botolo limodzi lokha. Tsopano tataya mwezi, ndipo mayi uja wayenda pacabe."

Anajambula cithunzi cina kuyambira paciyambi, osalipiritsanso. Citauma, anandituma ineyo kukacipereka. Ndinacisenza pamutu ulendo wonse. Agogo anacilandira ndi manja awiri. Anasisita tsaya la mwana wawo ndi cala, ndipo cala cinabwerako coyera.

Mafunso
1. Kodi aguarrás amagwira nchito yanji mu utoto?
2. N'cifukwa ciyani cithunzi coyamba sicinaume?
3. Mukanakhala inu, mukanatani mafuta atatayika?