Nsima Yovala Jekete

Ife ogwira ntchito m'boma tili ndi khalidwe lina lomwe sitikonda kulikamba pagulu. Akatituma ku msonkhano kunja kwa dziko lino, alawansi timakhala taigawa kale tisanakwere n'komwe ndege: ina ya fizi ya ana, ina ya malata, ina ya feteleza wa kumudzi. Tikafika kumeneko timakhutiratu kadzutsa wa kuhotela, masana n'kudya za kumsonkhano, madzulo n'kudzitsekera m'chipinda ndi buledi ndi tiyi. Kulowa mu lesitilanti ya pamwamba timakuona ngati kutaya thumba la feteleza mumtsinje. Malipiro athu mukuwadziwa, choncho musatiseke.

Komabe mlendo sakana kumene eni mudzi amulozera. Nthawi ina ndidatumidwa ku maphunziro a sabata imodzi mumzinda wa Johannesburg pamodzi ndi mayi wina wa ku ofesi kwathu. Anzathu omwe adakonza maphunzirowo adatitengera kokadya kawiri, iwo ndiwo akulipira. Tsiku loyamba tidapita ku lesitilanti ya zakudya za ku Japan m'dera la Rosebank, ndipo tsiku lotsekera tidapita ku ina ya zakudya za ku Italy chakufupi ndi Orange Grove, komwe kale kunkakhala Ataliyana ambiri.

Kwa Ajapani kuja adayamba n'kutipatsa kansalu konyowa, kofunda, kopukutira m'manja. Kenaka adabweretsa thabwa lomwe padandandalikidwa timibulu ta mpunga, pamwamba pa kalikonse atagonekapo kachidutswa ka nsomba yaiwisi. Mayi tidapita nawo aja adayang'ana thabwalo, nayang'ananso ine, n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, kodi kukhitchiniko moto wawathimira?" Chakudyacho ndi chomwe amachitcha sushi. Mpunga wake ndi waufupi, womatirira, wothira viniga pang'ono, wosiyana ndi kilombero wathu wa ku Karonga yemwe amayoyoka. Pambali padali msuzi wakuda wa soya ndi kanthu kena kobiriwira kotchedwa wasabi, komwe ukali wake suwotcha lilime ngati kambuzi koma umakwera m'mphuno mpaka misozi kulengeza. Titaona timitengo tiwiri todyera tidachita kakasi, koma mnzathu wina adatiuza kuti ngakhale ku Japan komweko sushi amaloledwa kudya ndi manja. Apo mtima udakhala pansi, pakuti kudya ndi manja palibe angatiphunzitse.

Tili mkati mokambirana, mnyamata yemwe ankadula nsomba kuseri kwa kauntala adakweza maso n'kunena m'Chichewa chomveka bwino, "Takulandirani bambo, takulandirani mayi. Kumudzi mwasiyako bwanji?" Adali wa ku Mangochi, mwana wa msodzi. Adatiuza kuti adayamba ndi kutsuka mbale, kenaka adakhala nthawi yaitali akungophika mpunga basi, asanaloledwe kugwira mpeni. Ndidamufunsa ngati tingachite zomwezi ndi chambo. Iye adapukusa mutu. "Musayerekeze bambo. Nsomba za m'madzi opanda mchere zimakhala ndi tinyongolotsi tomwe timafa ndi moto. Komanso izi mukuonazi zikangovuulidwa zimalowa mu ayezi, pomwe kwathu timaziponya pamchenga padzuwa."

Mnyamatayo ndiye adandiuzanso kuti msuzi womwe tinkamwa m'timbale ting'onoting'ono, wotchedwa miso, Ajapani ena amaukometsa ndi madzi owiritsira tinsomba touma tofanana ndi usipa. Therere nalonso amadya, ndipo sachita nalo manyazi kutelereka kwake. Nditabwerera kuhotela ndidawerenga mbiri ya sushi. Ndidapeza kuti mtundu womwe tidadyawo udatchuka m'zaka za m'ma 1820 mumzinda wa Edo, womwe lero ndi Tokyo, ndipo unkagulitsidwa m'mbali mwa msewu kwa anthu aganyu ofuna kudya mwachangu ali chiimire. Kunena mwachidule, chidali chiwaya cha kumeneko. Nazo nsomba ndi masamba zokazinga mu ufa zotchedwa tempura, zomwe lero aliyense amati n'za Chijapani, akuti njira yake idabwera ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500.

Kwa Ataliyana kudali kwina. Kudali phokoso, kuseka, fungo la adyo ndi utsi wa nkhuni kuchokera mu uvuni wa njerwa momwe ankawotchera pizza. Mwini wake, bambo wachikulire wovala epuloni, ankayendera tebulo lililonse. Adatiuza kuti agogo ake aamuna adafika ku South Africa ngati mkaidi wa pankhondo yachiwiri ya padziko lonse, nasungidwa ku msasa wa Zonderwater womwe udatsegulidwa mu 1941 pafupi ndi Cullinan, ndipo nkhondo itatha adakhazikika konko. Mbale iliyonse yomwe inkabwera, bamboyo ankatchula kwawo kwa chakudyacho. Pizza ya tomato, tchizi choyera ndi masamba a basil, yemwe ndi m'bale wake wa mpungabwe, adati ndi ya ku Naples. Pasta adati amaiphula isanafeweretu mwadala, kuti mano apezepo ntchito.

Kenaka adabweretsa chakudya chomwe adati chidalera makolo ake kumpoto kwa Italy, dzina lake polenta. Chidafika m'mbale yoyera yotakata, chachikasu, chautsi tolotolo, pamwamba atathirapo bowa ndi msuzi wa nyama. Mayi aja adalawa kamodzi, nayika foloko pansi, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. "Achimwene, iyitu ndi nsima! Ya mgaiwa wachikasu, yongoti siidalimbe." Ndipo sadaname. Polenta ndi ufa wa chimanga wovundulidwa m'madzi owira ndi mthiko, kungoti iwo amathiramo mchere, batala ndi tchizi. Chimanga chachikasu chomwe ambiri a ife timachikumbukira ndi zaka za njala monga 1992, pano chidali chitavala jekete, ndipo mtengo wa mbale imodziyo ukadagula ndowa ya chimanga kumudzi kwathu.

Mbiri ya polenta ndi yofanana ndi ya nsima kuposa mmene ambiri angaganizire. Chimanga kwawo ndi ku America. Chidafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo kuno ku Africa nako chidachita kubwera pa zombo, n'kulanda malo a mapira ndi mawere omwe makolo athu ankadya. Alimi osauka a kumpoto kwa Italy adadalira polenta kwambiri, kopanda ndiwo zokwanira, mpaka ambiri adadwala matenda a pellagra omwe amasupula khungu, omwenso timawaona kuno pomwe anthu akudya chimanga chokhachokha. Tomato yemwe lero ndi mwini khitchini ya Ataliyana adachokeranso ku America komweko. Nayo pizza idali chakudya cha amphawi a mumzinda wa Naples, chogulidwa pamsewu ndi anthu opanda pophikira.

Apa mpomwe padandipatsa maganizo. Zakudya zonse zomwe tidadya masiku awiriwo, zomwe ife timazitcha za mabwana, zidayamba ngati za anthu wamba. Eni ake sadazitaye atalemera. Adazisamalira, nazipatsa mayina a kwawo, n'kumazifotokoza kwa mlendo mutu uli m'mwamba. Nanga ife? Pitani m'mahotela ambiri a mu Lilongwe ndi Blantyre mukaone pomwe nsima imakhala: kumapeto kwa mzere, kuseri kwa tchipisi ndi mpunga, ngati wachibale wosauka paukwati wa m'tauni. Mlendo wochokera kunja akafika pa ofesi timathamangira kukamugulira nkhuku ndi tchipisi zomwe wazisiya kwawo. Nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, therere ndi mfutso timadya titatseka chitseko, ndipo ana athu ena akukula akuyesa kuti ndiwo zimenezi ndi chizindikiro cha kusowa.

Chikhalirecho dziko lapansi lidaona kale chomwe ife tikuchipeputsa. Mu 2013 bungwe la UNESCO lidaika kaphikidwe ka makolo ka Ajapani, komwe amakatcha washoku, pa mndandanda wa miyambo yamtengo wapatali ya anthu a padziko lonse. Mu Disembala 2017, pa msonkhano womwe udachitikira pa chilumba cha Jeju ku South Korea, bungweli lidawonjezerapo luso la opanga pizza a ku Naples. Pa msonkhano womwewo lidalembanso nsima, monga mwambo wa kaphikidwe ka Amalawi. Ku Naples anthu adasangalala m'misewu. Kuno ndafunsapo anzanga a mu ofesi, anthu ophunzira bwino, ndipo ambiri nkhaniyi amaimva koyamba kwa ine.

Sindikunena kuti tiyambe kugulitsa nsima pa mtengo wa ndowa ya chimanga, ayi. Sindikunenanso kuti tileke kulawa za eni, pakuti kuyenda n'kuona, ndipo sushi ija nditaipezanso ndikhoza kudya. Chomwe ndidasilira ndi chisamaliro. Mnyamata wa ku Mangochi uja adatha miyezi akuphunzira mpunga wokha. Kodi ndi angati mwa ophika m'malesitilanti athu adaphunzitsidwa kusiyanitsa nsima ya ufa woyera, ya gramili, ya mgaiwa ndi kondowole, kapena kudziwa kuti chambo chavuulidwa liti ndipo kuti? Akulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Koma mayi wakoyo umamuchapiranso zovala kuti akaoneke bwino pa anthu.

Masiku ano ku ofesi kukabwera alendo akunja ndipo udindo wowadyetsa ukagwera ine, ndimawatengera pamalo ena aukhondo pomwe amaphika za kwathu. Ndimayamba ndi kuwathirira madzi osamba m'manja. Kenaka ndimawafotokozera mmene ufa woyera umapangidwira: kukonola, kupeta, kuviika mphale masiku angapo, kuyanika pamphasa, n'kukagayitsa. Ndimawauza kuti chambo n'cha ku Mangochi, nyemba n'za ku Dedza, ndipo nsinjiro za mu nkhwanimo n'za mtedza wa ku Mchinji. Ambiri amapsa zala pa mbamu yoyamba, koma amafunsa dzina la ndiwo iliyonse n'kulilemba m'kabuku, ndipo mmodzi wa ku Japan adapempha therere lowonjezera.