Boti lotayidwa lasanduka munda wanga

Wobadwira ku Mangochi amadziwa kuti bwato labwino limasemedwa pa mtengo waukulu, ndipo mitengo yotere ikusowa. Kuno ku Gaborone ndaphunzira kuti boti lakale la aluminiyamu likhoza kulowa m'malo mwake.

Langa ndinagula motchipa mu 2015, chaka chimene damu la Gaborone, la pa mtsinje wa Notwane, linaphwa n'kutsala matope. Anzanga ankati ndataya ndalama.

Aluminiyamu sachita dzimbiri ngati chitsulo, koma amadyeka akakhudzana ndi chitsulo kapena mkuwa pamalo onyowa. Choncho ndinayamba ndi kuzula mabawuti onse achitsulo. Pofufuza mochucha, ndinakweza botilo pa njerwa, n'kuthiramo madzi otsala pochapa, popeza a pampopi ankabwera mwa apo ndi apo. Riveti iliyonse yodontha ndinailemba ndi choko, kenaka n'kukhomera ina. Thabwa lakumbuyo, lomangapo injini, linali litaola; ndinaikapo latsopano. Pansi pa mipando ndinamangirira zigubu zotseka bwino, kuti boti likadzaza madzi lisamire, pakuti m'damumu muli ng'ona.

Mu 2017 mvula ya namondwe wa Dineo inadzazanso damulo. Kuyambira pamenepo milamba ndi makumba sizisowa pa mbale ya ana anga.

Kwathu kuli amisiri okhoma ndowa amene ntchitoyi angaithe. Boti lililonse limene angaukitse lidzapulumutsa mtengo umodzi m'nkhalango.