Kodi Chilobwe ndi wa yani?

Kusekondale tinaloweza zaka ngati mavesi a pamtima a ku Sukulu ya Sabata: 1891, 1907, 1953, 1964. Tinkakhoza nazo mayeso. Koma zaka zimenezi zikukhudzanso maploti amene makolo athu anamangapo m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo nkhani imeneyo siipezeka pa pepala la mayeso.

Kwa akuluakulu a ku London, dziko lino linali kachigawo kakutali kopanda golide, koyenera kudzilipirira kokha. Harry Johnston atafika mu 1891 anakhazika likulu ku Zomba, ndipo mpaka 1904 tinali m'manja mwa ofesi yoona za maiko akunja, ngati mwana wongosungidwa. Dzina loti Nyasaland linabwera mu 1907, chaka chomwe mishoni ya Plainfield ku Thyolo, imene mpingo wathu unagula mu 1902, inasanduka Malamulo. Mwa maina awiriwa, lathu lokha ndi lomwe lidakalipo.

Chomwe chimatigwira mtima ndi dzina la mzungu woyamba kuyang'anira boma. Sankatchedwa DC ayi. Ankatchedwa Collector, kutanthauza wotolera. Ntchito yake yaikulu inali msonkho wa nyumba, masheleni atatu pachaka. Ankawerenga madenga, osati kufunsa ngati denga lili pamalo abwino. Nthawi yomweyo Johnston ankapereka zikalata za malo kwa azungu ndi makampani, ndipo minda yambiri yachonde ya kuno kumapiri inapita choncho. Otsala pa malowo anayamba thangata.

Tauni nayo inajambulidwa ndi maso omwewo. Blantyre inali ndi khonsolo yake chaka cha 1900 chisanafike, koma inali khonsolo ya eni masitolo ndi nyumba zanjerwa. Limbe inakula payokha chifukwa cha njanji ndi fodya wa kampani ya Imperial Tobacco, mpaka matauni awiriwa anaphatikizidwa mu 1956. Nanga ophika, onyamula katundu ndi osankha fodya ankagona kuti? Ambiri ankagona m'midzi ya kunja kwa malire, n'kumalawirira wapansi m'mamawa. Kumeneko kunali kwa mafumu, monga a Kapeni, amene amishoni a ku Scotland anawapeza ku Soche mu 1876. Lamulo la mu 1933 linapatsa mafumu makhoti ndi mphamvu zina, motero munthu mmodzi ankakhala ndi maboma awiri: la masana kuntchito, la usiku kumudzi.

Ufulu utabwera malire a mzinda anatifungatira, koma maboma awiri aja sanathe. Lero ku Chilobwe munthu akagula malo, mboni yake kawirikawiri imakhala mfumu ndi kapepala kolemba pamanja. Khonsolo ili ndi mapu ake, a zankhalango ali ndi awo osonyeza kuti phirilo ndi lotetezedwa. Mapepala onsewa amanena zoona, koma salankhulana. Pakati pawo nyumba zinakwera phiri, mitengo n'kutsika ili makala.

Mu Malichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy itagwa masiku angapo osaleka, Soche anagumuka. Matope ndi miyala zinatsika usiku n'kukwirira mabanja athunthu. Ena mwa iwo tinkaimba nawo pa Sabata. Anthu anakumba ndi makasu ndi manja, opulumuka anagona m'makalasi a sukulu zapulaimale. Zitatero funso linamveka paliponse: analola ndani kuti anthu amange kumeneko? Aliyense analoza mnzake, ndipo ife sitikuona kuti onse ankanama. Malo amene kwa zaka zoposa 100 ankangowerengedwa pa nthawi ya msonkho ndi ya mavoti analibe mwini mmodzi woti anene kuti apa ayi.

Dzinja lotsatira lisanafike, ena anali atayambanso kuumba njerwa chakumtunda komweko, poti lendi ya ku Soche East kapena ku Chitawira sangaikwanitse.